NAS ikafa: mmene mungapulumutsire mafayilo amene ali m'madisiki ake

NAS ndi kakompyuta kokhala ndi madisiki awiri, anayi kapena kuposerapo, kamene kamalumikizidwa pa netiweki kuti anthu angapo azisungapo mafayilo. Tsiku limene kakana kuyaka, mwini wake amangoti basi zonse zapita. Nthawi zambiri zimakhala zisanapite. Chofa chimatha kukhala bokosi lokha, madisiki ali bwinobwino. Ngakhale disiki imodzi itawonongekadi, mafayilo ambiri amakhala akadalipo. Amadzatayikira m'manja mwa mwini wake m'maola otsatira, akamazimitsa n'kuyatsanso, akamasinthanitsa madisiki m'malo awo, kapena akavomera pulogalamu iliyonse imene yanena kuti ikonza. Ntchito yonse yopulumutsa mafayilo yagona pa lamulo limodzi: pa madisiki oyambirirawo pasalembedwe kanthu kalikonse mpaka mutakhala ndi makope ake.

Chafa n'chiyani kwenikweni

Yambani ndi magetsi. Ma NAS ambiri ang'onoang'ono amadya magetsi kudzera m'chaja chakunja cha 12V, ndipo chajacho chikatopa chimatha kuyatsa nyale koma n'kulephera kuzungulitsa madisiki onse nthawi imodzi. Bokosi limaoneka ngati lafa, kapena limayamba kunamizira madisiki abwinobwino kuti awonongeka. Kuyesa chaja china chofanana mphamvu n'kosavuta. Koma ngati mwamva fungo la chinthu chopsa, musayatsenso madisiki ali m'kati.

Mabokosi ena amafa ndi matenda obadwa nawo. Mu 2017 zinadziwika kuti mapurosesa a Intel a mtundu wa Atom C2000 ali ndi vuto: chizindikiro china cha wotchi ya m'kati chimafooka pakapita nthawi, makinawo n'kusiya kudzuka. Ma NAS a Synology monga DS415+, DS1515+ ndi DS1815+ anali ndi purosesa imeneyi, ndipo ambiri anangotsala akuphethira nyale ya buluu. Madisiki a m'mabokosi otere sakhala ndi vuto lililonse.

Kenako tcherani khutu ku madisiki. Disiki yolira kuti thi, thi, thi mobwerezabwereza, yokwecha, kapena yoyamba kuzungulira n'kuzima yokha, yawonongeka m'kati. Mitu yake yowerengera imauluka pafupi kwambiri ndi mbale zosungira deta, ndipo mutu wopindika umapala mbaleyo nthawi iliyonse disiki ikazungulira. Chopalidwacho sichibwerera. Disiki yotere muizimitse, ndi ya akatswiri okhala ndi chipinda chopanda fumbi. Malangizo akale oti muiike m'firiji angowonjezera chinyezi pa vuto limene lilipo kale.

Palinso imfa ina imene si ya zipangizo. Mu 2021 pulogalamu yolanda yotchedwa Qlocker inatsekera mafayilo a ma NAS a QNAP m'mafayilo a 7-Zip okhala ndi pasiwedi, ndipo mu 2022 DeadBolt inachita zofanana. Mu June 2021 zipangizo za My Book Live za Western Digital zinafufutidwa ndi anthu a patali kudzera pa intaneti. Zikatere madisiki amakhala athanzi koma zam'kati zasinthidwa. Zulani waya wa netiweki, zimitsani bokosi, ndipo mutenge makope monga mmene tifotokozere, chifukwa zotsalira za mafayilo akale zimakhala m'malo amene makina akuwaona ngati opanda kanthu, ndipo chilichonse cholembedwa chimazikwirira.

Chifukwa chake kompyuta yanu siwerenga madisikiwo

Munthu akazula disiki n'kuilumikiza ku Windows, amaona uthenga womupempha kuti ayambitse disikiyo kapena aifomate. Yankho ndi ayi, nthawi zonse. Windows siikunena kuti disiki ilibe kanthu, ikungolephera kuwerenga zimene zalembedwapo.

Pafupifupi ma NAS onse a m'nyumba ndi m'maofesi ang'onoang'ono amayendera Linux, ndipo deta imasanjidwa mosanjikiza. Pansi penipeni disiki iliyonse imadulidwa zigawo. Pa Synology chigawo choyamba chimasunga pulogalamu yoyendetsa bokosi, yokoperedwa pa madisiki onse, chachiwiri ndi chothandizira memore, ndipo chachikulu ndiye cha mafayilo anu. Zigawo zazikuluzo zimamangidwa pamodzi ndi RAID, njira yophatikiza madisiki angapo kuti azigwira ntchito ngati imodzi, imene pa Linux imayendetsedwa ndi pulogalamu ya mdadm. Pamwamba pake kawirikawiri pamakhala LVM, imene imagawa malowo kukhala mavoliyumu. Pamwamba penipeni ndi pamene pali dongosolo la mafayilo: ext4 kapena Btrfs pa Synology, ext4 pa QNAP wamba, XFS pa Buffalo, ZFS pa TrueNAS. Iyi ndi nkhani yabwino, chifukwa zonsezi ndi zida zodziwika zimene kompyuta iliyonse ya Linux ingathe kutsegula bokosi lija palibe. Koma muyenera kukwera masitepe onsewo mwa dongosolo lake, osadumpha.

Sitepe yovuta kumvetsa ndi ya RAID. Pa RAID 1 madisiki awiri amasunga zofanana, choncho imodzi yokha ikukwanira. Pa RAID 0 deta imadulidwa timagawo n'kumwazidwa pa madisiki onse popanda chotetezera, ndiye imodzi ikafa fayilo iliyonse yokulirapo imakhala ndi mabowo. RAID 5 imamwazanso chimodzimodzi, koma pa mzere uliwonse imasunga kagawo kena kowerengetsera kotchedwa parity. Tiyerekeze kuti pali madisiki atatu. Yoyamba yasunga 1011, yachiwiri 0110. Makina amayerekeza manambalawo malo ndi malo: akafanana amalemba 0, akasiyana amalemba 1. Zotsatira zake ndi 1101, ndipo zimapita pa disiki yachitatu. Yachiwiri ikafa, mukayerekeza 1011 ndi 1101 mwa lamulo lomwelo mupeza 0110, zomwe zinatayika zija. Masamu ake ndi omwewa kaya madisiki ndi atatu kaya asanu ndi atatu, koma amabweza chosowa chimodzi chokha pa mzere. RAID 6 imasunga mawerengedwe awiri osiyana, n'chifukwa chake imapirira madisiki awiri.

Disiki imodzi ya RAID 5 payokha ili ngati buku limene mwatsala nalo tsamba limodzi pa masamba atatu alionse. Kuti liwerengeke muyenera kudziwa madisiki amatsatana bwanji, kagawo kalikonse n'kakakulu bwanji, parity imazungulira motani, ndiponso deta imayambira pati m'chigawomo. Mwamwayi mdadm imalemba zonsezi pa disiki iliyonse, m'kamalo kotchedwa superblock. Mtundu wofala masiku ano, 1.2, umakhala 4 KiB kuchokera koyambira kwa chigawo. Kamalo kameneka ndi kofunika kuposa china chilichonse, ndipo ndi komwe anthu amakonda kukafufuta mosadziwa.

Ngozi ya kumanganso

Disiki imodzi ikafa, NAS imalira n'kukuuzani kuti muikemo yatsopano kuti imangenso RAID. Ngati muli ndi kope lina la mafayilo anu kwina, chitani zimenezo. Ngati mulibe, ine ndinganene kuti muyambe mwakopera kunja mafayilo ofunika kwambiri RAID ikadali kuyenda motsimphina.

Chifukwa chake n'chakuti kumanganso kumawerenga kachigawo kalikonse ka madisiki otsalawo, kuyambira koyamba mpaka kotsiriza, kwa maola ambiri kapena masiku. Madisikiwo kawirikawiri anagulidwa tsiku limodzi, atentha limodzi, akalamba limodzi. Pa madisiki anayi a 8 TB m'RAID 5, makina ayenera kuwerenga 24 TB popanda kuphonya. Opanga madisiki wamba amalemba kuti kulephera kuwerenga kungachitike kamodzi pa mabiti 10^14, omwe ndi pafupifupi 12.5 TB. Nambala imeneyi ndi malire amene kampani ikulonjeza, madisiki ambiri amachita bwino kuposa pamenepo, choncho musakhulupirire onena kuti kumanganso kulikonse kulephera. Komabe ikusonyeza kuti mpata wake si waukulu. Malo owonongeka amene anakhala chete kwa zaka, m'fayilo imene palibe anaitsegula, amatulukira tsiku limenelo.

Mtundu wa disiki nawonso umalowererapo. Disiki ya kompyuta wamba ikakumana ndi malo ovuta imalimbana nawo nthawi yaitali, pamene Linux imadikira masekondi 30 okha isanaione ngati yafa. Madisiki opangidwira NAS amagonja msanga, kawirikawiri pa masekondi 7, n'kusiyira RAID kuti ikonze. Ndiye disiki imene yatayidwa kunja kwa RAID siikhala yakufa nthawi zonse, mwina inangochedwa kuyankha. Mu 2020 zinaululikanso kuti madisiki ena a WD Red anali a mtundu wa SMR, umene umalemba mizere mopiringizana ndipo umachedwa kwambiri ukapatsidwa zolemba zambiri mosalekeza, monga zimakhalira pomanganso.

Makope choyamba

Musanazule kanthu, lembani nambala pa disiki iliyonse molingana ndi malo ake m'bokosi, ndipo jambulani zikuoneka manambala a siriyo. Superblock ikakhala bwino mndandandawu sufunika kwenikweni, koma ikawonongeka mudzauthokoza.

Mufunika kompyuta yokhala ndi malo okwanira olumikizirapo madisiki otchedwa SATA, Linux yoyendera pa flashi monga Ubuntu, ndi malo osungira aakulu: okwana makope a madisiki onse, kuphatikizapo ena olandirira mafayilo opulumutsidwa. Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi chifukwa madisiki atsopano amadya ndalama, n'kuyamba kugwira ntchito pa oyambirira. Ngati madisiki onse ali athanzi ndipo chafa ndi bokosi, kuwatsegula mongowerenga n'kotheka. Pakakhala chikayikiro chilichonse pa disiki, kope silozembeka. Lumikizani pa SATA mwachindunji ngati mungathe. Timabokosi tina ta USB timasintha kukula kwa ma sector (timagawo ting'onoting'ono timene disiki imasungamo deta) kapena kubisa kumapeto kwa disiki, timadukanso tikakumana ndi malo owonongeka, ndipo disiki ya mainchesi 3.5 imafuna 12V imene USB yokha sipereka.

Onani thanzi la disiki iliyonse ndi smartctl -a. Manambala oyenera kuyang'ana ndi 5, wonena za ma sector amene anasamutsidwa kale, 197 wa amene akukayikitsa, ndi 198 wa amene akanika kuwerengeka. Musayambitse mayeso aatali pa disiki yodwala, mphamvu imene yatsala nayo ipite ku kukopera.

Chida chokopera ndi GNU ddrescue. Kusiyana kwake ndi zida zina n'kwakuti siikakamira pa malo ovuta. Imayamba yatenga zonse zowerengeka mosavuta, kudumpha povuta, kenako n'kubwerera pang'onopang'ono. Imasunganso kafayilo ka mapu kolemba pamene yawerenga ndi pamene yalephera, moti magetsi akazima imapitiriza pomwe inalekera. Ulendo woyamba ungakhale ddrescue -d -n /dev/sdb disiki1.img disiki1.map, ndipo wachiwiri, wa disiki ndi mapu omwewo, muikepo -r3 kuti iyesenso katatu malo otsala. Dzina loyamba ndi kochokera, lachiwiri ndi kopita. Mukawatembenuza pokopera disiki kupita ku disiki ina, mwafufuta chimene mumafuna kupulumutsa. Mayina ngati sdb ndi sdc amasintha kompyuta ikayatsidwanso, choncho tsimikizani ndi lsblk -o NAME,SIZE,SERIAL nthawi iliyonse. Makope akatha, madisiki oyambirira abwerere m'kabati.

Kulumikiza RAID pa makope

Mafayilo a makope aja amasandutsidwa ngati madisiki ndi losetup -r -P, pamene -r ikuletsa kulemba. Kenako funsani chigawo chachikulu cha lililonse ndi mdadm --examine. Pa zimene zituluke, yang'anani mizere ingapo. Array UUID iyenera kufanana pa onse. Device Role ikuuzani malo a disiki m'gululo. Chunk Size ndi kukula kwa kagawo, kamene pa Synology kamakhala 64K pomwe mdadm payokha imasankha 512K. Koma mizere yofotokoza mbiri ya ngoziyo ndi Update Time ndi Events.

Events ndi nambala imene imakwera pa madisiki onse a m'gulu nthawi iliyonse pakachitika kusintha. Disiki ikatayidwa kunja, yake imaima. Tiyerekeze kuti mwa madisiki anayi, awiri akusonyeza 48210, wachitatu 48204, wachinayi 31077 ndi deti la miyezi isanu yapitayo. Nkhani yake yaoneka pamenepo: wachinayi anagwa kalekale popanda wozindikira, RAID inkayenda ndi atatu, ndipo tsiku la ngozi ndi pamene wachitatu anapunthwa. Oyenera kulumikizidwa ndi atatu oyambawo. Wachinayi ali ndi deta yakale, ndipo mukamulowetsa, mafoda adzaoneka bwinobwino koma mafayilo amene anasinthidwa m'miyezi isanuyo adzakhala osakanikirana zakale ndi zatsopano. Kuwonongeka kotere n'koipa chifukwa sikudzionetsa msanga.

Lamulo lake ndi mdadm --assemble --readonly, kutchula zigawo zimene mwasankha. Ikakana chifukwa Events yasiyana pang'ono, pali --force, imene imakweza nambala ya disiki yotsalira kuti ilandiridwe. Popeza imafuna kulemba pa superblock, ichitikire pa kope la kope, kapena pa overlay ya dmsetup imene imapatutsira zolembedwa zonse ku fayilo ina yapadera. Synology yokha ili ndi malangizo otsegulira madisiki ake pa Ubuntu pogwiritsa ntchito mdadm ndi lvm2, ndipo amathandiza pamene chafa ndi bokosi.

Lamulo loopsa ndi mdadm --create. Malangizo ambiri a pa intaneti amalitchula ngati njira yachidule, amvekere ingopanganinso RAID ndi madisiki omwewo. Limalemba superblock yatsopano pamwamba pa yakale, ndipo mukaphonya mndandanda, kukula kwa kagawo kapena poyambira deta, umboni wa zoona zake mwaufufuta ndi manja anu. Mitundu yosiyana ya mdadm imasankhanso poyambira deta posiyana. Akatswiri amaligwiritsa ntchito pothera penipeni, pa overlay, atasunga kale zonse zimene --examine inanena.

RAID ikadzuka, vgchange -ay imadzutsa mavoliyumu a LVM, ndipo lvs imawaonetsa. Pa SHR, RAID yapadera ya Synology, yokhala ndi madisiki osiyana kukula pamakhala magulu a RAID angapo amene LVM inawalumikiza kukhala voliyumu imodzi, choncho onse ayenera kudzuka.

Potsegula dongosolo la mafayilo pali msampha wina waung'ono. Kungonena kuti ro, kutanthauza kuwerenga kokha, sikuletsa ext4 kumalizitsa zolemba zimene zinatsala m'journal, kaundula wake wa zosintha, choncho lembani mount -o ro,noload. Pa XFS mawu ake ndi ro,norecovery. Pa ZFS mdadm ndi LVM sizikhudzidwa n'komwe, mumangoti zpool import -o readonly=on. Btrfs ikakana kutseguka, btrfs restore imatha kukoka mafayilo popanda kuitsegula. Zida zokonzera monga fsck ndi btrfs check --repair zisiyeni kaye. Cholinga chake n'kusiya dongosolo lili loyera, ndipo nthawi zina zimayeretsa potaya chimene sizikuchimvetsa, chomwe chingakhale foda yanu.

Pamene njira iyi siifika

Si mabokosi onse amene amatseguka chonchi. Drobo inkagwiritsa ntchito dongosolo lakelake lotchedwa BeyondRAID limene mdadm siilidziwa, ndipo kampaniyo inatha, moti chotsala ndi bokosi lina logwirizana nalo kapena mapulogalamu ogula amene anaphunzira kuliwerenga. QNAP inasintha LVM yake, choncho RAID imatha kudzuka bwino pa Ubuntu koma mavoliyumu ake n'kukana. My Cloud Home ya Western Digital imasunga mafayilo ndi mayina osamveka, mayina enieni ali m'database ya SQLite pa disiki yomweyo. Mapulogalamu monga UFS Explorer, R-Studio ndi ReclaiMe amathandiza pa zina mwa izi, ndipo amathanso kuyerekeza mndandanda ndi kukula kwa kagawo superblock ikafufutika. Ambiri amakulolani kuona mafayilo musanalipire. Tsegulani chithunzi chachikulu kapena vidiyo kuti muone ngati zili zathunthu, chifukwa kafayilo kochepera kagawo kamodzi kamatha kutseguka bwino ngakhale mndandanda uli wolakwika.

Kusamutsira madisiki m'bokosi lina la kampani yomweyo ndi njira yosavuta pamene madisiki ali athanzi. Aikeni m'malo awo akale, werengani uthenga uliwonse mofatsa, ndipo sankhani kusamutsa osati kuyamba mwatsopano. Dziwani kuti bokosi latsopanolo lilemba pa madisikiwo likangoyaka.

Ngati munatseka mafayilo ndi encryption, kiyi kapena pasiwedi yake ndi yofunika ngati madisiki enieniwo. Mafoda otsekedwa a Synology amagwiritsa ntchito eCryptfs, ndipo kuyambira DSM 7.2 (DSM ndi pulogalamu yoyendetsa mabokosi a Synology) voliyumu yonse ingatsekedwe ndi LUKS. Zonse ziwiri zimatseguka pa Linux muli ndi kiyi. Popanda kiyi palibe katswiri angakuthandizeni. Bokosi limene linali ndi SSD yosungira zolembedwa mongoyembekezera nalo lili ndi vuto lake: zimene zinali zisanatsikire ku madisiki zili pa SSD imeneyo, ndiye isatayidwe, ikopedwe limodzi ndi ena.

Chida chotsiriza ndi PhotoRec, imene siisamala za dongosolo la mafayilo, imangofufuza zizindikiro zoyambira zithunzi, zikalata ndi mavidiyo. Imabweza mulu wa mafayilo opanda mayina awo ndi mafoda awo. Iyendetseni pa RAID yolumikizidwa kale, osati pa disiki imodziimodzi, apo ayi mudzapeza zidutswa zokhazokha.

Kutulutsa mafayilo

Voliyumu ikatseguka, musayambe ndi kukopera zonse kuchokera pamwamba. Yambani ndi zimene sizingapezekenso kwina, monga zikalata za ntchito, ma database ndi zithunzi, ndipo mafilimu ndi mapulogalamu otsitsidwa pa intaneti abwere pambuyo. Pulogalamu ya rsync -a imasunga madeti ndi zilolezo, imapitiriza ikadukizidwa, ndiponso imatchula mafayilo amene yalephera. Sungani mndandanda wa zolepherazo.

Fayilo kukopedwa sikutanthauza kuti ili bwino. Pamene ddrescue inalephera kuwerenga, m'kope latsopano mumatsala ziro, ndipo ext4 imapereka fayilo yotere osadandaula chifukwa siisunga checksum, nambala yotsimikizira kuti zam'kati mwa fayilo sizinasinthe. Btrfs, ngati checksum inali yoyatsidwa, imakana fayilo yowonongeka n'kuitchula, ndipo ZFS imachitanso chimodzimodzi. Pa ext4 njira ina ndi kugwiritsa ntchito ddrescue --fill-mode pa kope lachiwiri, kuti ilembe mawu odziwika m'malo onse amene mapu akuti sanawerengeke, kenako n'kufufuza mawuwo ndi grep m'mafayilo opulumutsidwa. Fayilo iliyonse imene mawuwo apezekamo ili ndi bowo. Pa RAID 5 yosowa disiki imodzi njirayi siigwira zonse, chifukwa bowo la pa disiki ina limawononganso kagawo kowerengetsedwa kuchokera ku parity, ndipo m'kagawo kameneko mawu aja satuluka momveka. Mafayilo a m'dera limenelo muyenera kuwatsegula limodzi ndi limodzi n'kuona ndi maso.